Kompyuta ya Amalume Itakana Kuyaka

Kukhitchini kwa amayi kudakali mpeni wina wothyoka kunsonga. Chigwiriro chake n'chamtengo, chinada kalekale ndi manja, ndipo amasendera chinangwa mpaka lero. Mlendo akafunsa kuti bwanji osangogula wina, amayi amaseka n'kunena kuti, "Umenewu ndi injiniya, sutayidwa." Nsonga yakeyo inathyokera pa kompyuta ya amalume, m'chiperoni cha chaka chimene amayi aang'ono ankakwatiwa, ine ndili Sitandade 4.

Tinkakhala pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba za akapitawo zoyandikana ndi fakitale. Bambo anali kapitawo wa othyola tiyi, ndiye nyumba yathu inali ndi magetsi: babu limodzi pabalaza ndi soketi imodzi pafupi ndi zenera. Kupatula bambo, amayi ndi ine, m'nyumbamo munalinso amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amene ndinkagona nawo mphasa imodzi ndipo ndi amene ankandiluka tsitsi Loweruka lililonse. Munalinso amalume, mlongo wawo, amene anachoka kwathu ku Thekerani kudzagwira ntchito ya nyengo yamvula mufakitale, mvula n'kutha, iwo osabwerera.

Soketi imodziyo inali ya kompyuta. Amalume anaigula yakale kwa munthu wina ku Limbe: chibokosi chotuwa chopitirira mawondo anga, ndi sikirini yachimsana, yolemera moti ankainyamula ataikumbatira ngati mbuzi. Ntchito yake inali kubena nyimbo. Anyamata a m'malayini ankabwera ndi timemole ta m'mafoni mwawo titakulungidwa m'kapepala, amalume n'kuwathiriramo nyimbo. Akadina batani, kompyutayo inkalira kamodzi kokha, tii, kanyali kobiriwira n'kuyaka, fani n'kuyamba kupuma kumbuyo, ndipo pabalaza pankamveka kafungo ka fumbi lofunda. Kukazizira ndinkakonda kuika manja kumbuyoko. Ana ena ankaotha moto, ine ndinkaotha kompyuta.

Ukwati unali woti uchitike chakumapeto kwa nyengo yozizira. Mkwati anali dalaivala amene kale ankanyamula tiyi kupita naye ku Limbe, koma anali atapeza ntchito ina ku Mzuzu. Kumeneko ndinkangomva dzina. M'mutu mwanga kunali penapake kuseri kwa Bvumbwe, koti munthu n'kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Zanga zinali zina: amayi aang'ono anandisankha kuti ndidzatsogolere mzere wa ana polowa m'holo. Ndi iwo omwe ankatiphunzitsa masitepe tikaweruka kusukulu, pabwalo lofiira la kutsogolo kwa nyumba, masipika ataikidwa pazenera. Anali munthu wosachedwa kuseka, koma pa masitepe analibe chisoni. "Mapewa, iwe! Sukunyamula dengu la tiyi pano," ankatero akundiwongola ndi zala ziwiri.

Nyimbo imene tinkavinayo sinkapezeka kwina kulikonse. Amalume anachita kuisoka okha. Anadula nyimbo zitatu n'kuzilumikiza, ndipo polumikizirapo anaikapo mawu awo otchula mayina a akwati, mawu aakulu ngati a pawailesi. Inali mphatso yawo kwa mlongo wawo. Akuchimuna ananenapo kuti angathe kubweretsa munthu wa nyimbo wa m'tauni ndi zida zake, pamodzi ndi ana awo odziwa kale kuvina, koma amalume anakana kwamtuwagalu. "Mlongo wanga alowe m'holo ndi nyimbo ya mlendo ine ndili maso?" Nyimboyo anali asanaikopere pena paliponse, poti ankati akuikonzabe. Lero, pamene ntchito yanga ndi ya pakompyuta tsiku lonse, ndikakumbukira zimenezi ndimagwira mutu. Koma ndani wa ife ankadziwa kuti chinthu choimba bwino chotero chingangoti zii?

Chiperoni cha chaka chimenecho chinabwera ndi ukali. Nkhungu inkaphimba minda ya tiyi mpaka fakitale n'kusowa, kungotsala kulira kwa makina ndi fungo la masamba ofota. Kamvula kake kosagwa, kongoyandama, kankalowa paliponse. Machesi ankakana kuyaka, mchere unkanyowa m'botolo, yunifolomu ndinkaivala isanaume m'khosi. Othyola tiyi ambiri anali atabwerera kumidzi chifukwa tsamba linali litachepa, ndipo otsalawo ankadulira tiyi atavala mapulasitiki, mipeni yawo yokhota ikungomveka khwa, khwa, eni ake osaoneka.

Lolemba lina tinafola pabwalo monga mwa masiku onse, ine kutsogolo, manja m'chiuno. Amalume anadina batani. Tinadikira tii uja. Kunali zii. Anadinanso, ulendo uno ndi chala chachikulu, n'kukanikiza nthawi yaitali ngati akufinya chithupsa. Kanyali kobiriwira sikanaphethire n'komwe.

"Magetsi alipo?" amayi aang'ono anafunsa ali panja.

Babu linali loyaka. Amalume analowetsa wailesi ya bambo m'soketi, wailesi n'kuyankhula bwinobwino. Bambo atabwera kuntchito anaiyang'ana kompyutayo manja ali kumbuyo, monga ankayang'anira mzere wa tiyi, n'kugamula kuti, "Yatopa. Ngakhale tiyi timamudulira kuti apume." Amalume anaseka nawo, koma kunali kuseka kwa mano okha.

Nkhani inamveka m'malayini monse, ndipo aliyense anabwera ndi mankhwala ake. Wina anati tiimenye kumbali ngati wailesi yakale. Mlonda wa pageti anati zinthu zotere sizingochitika ukwati uli pafupi, pali wansanje. Amayi ena a mvano anaisanjika manja n'kuipempherera, amalume atavula chipewa. Mnyamata wina wobenetsa nyimbo ndi amene ananena zomveka: anati nthawi zambiri vuto limakhala chingwe. Chofanana nacho chinali pa ketulo ya kukiliniki ya esiteti, ndipo anamwino anatibwereka atatilumbiritsa kuti tibweza nthawi ya tiyi wawo isanakwane. Ndinathamanga nacho pamodzi ndi amalume kudutsa m'tinjira ta pakati pa munda, mame akundinyowetsa mpaka m'khwapa, poti tiyi wosadulira anali wofanana nane msinkhu. Chingwecho chinalowa ngati chake. Amalume anakoka mpweya n'kudina. Zii. Tinathamanganso kukabweza, ndipo anamwino atamva nkhaniyo anati tikabwere nayo kompyutayo adzaibaye jakisoni.

Apa m'pamene mpeni unalowa m'nkhani. Chomasulira chinalipo kwa wokonza njinga, koma amalume analibenso mtima wodikira. Anatenga mpeni wa amayi pathandala n'kuyamba kupotokola timisomali ta kumbuyo. Tina tinamasuka, kamodzi kanakana. Anakakamiza, ndipo tinangomva thyo, nsonga yauluka kukagwera pansi pa mpando. Amayi anawakalipira m'Chilomwe, chinenero chimene ankasungira mkwiyo, koma nawonso sanachoke. Ankafuna kuona m'mimba mwake.

Ine ndinkayembekezera kuona nyimbo. Sindikudziwa kuti ndinkaganiza kuti zimaoneka bwanji, mwina zosanjikizana ngati mbale. Chimene tinapeza ndi fumbi lokhuthala ngati bulangete, ndipo pansi pake thabwa lobiriwira lokhala ndi tinjira tagolide, ngati esiteti yathu ukamaiona uli pamwamba pa phiri: mizere yowongoka, tinyumba, fakitale pakati. Amalume ankapopa ndi pampu ya njinga, ine ndikusesa ndi nthenga ya nkhuku, tonse tikuyetsemula mpaka misozi. Titamaliza, munali mowala moti ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti tsopano iyaka, chifukwa kusukulu ankatiphunzitsa kuti ukhondo umathamangitsa matenda. Sinayake.

Ena anati yalowa chinyezi. Choncho dzuwa likangosuzumira, tinkayala mkeka n'kuiyanika pambali pa makaka a amayi, chinangwa chawo chouma chija, ine ndikulondera nkhuku ndi kamtengo. Nkhungu ikayamba kukwera kuchokera kudambo, wina ankakuwa kuti, "Chabweranso!" ndipo tinkathamangira kuanula, kompyuta poyamba, makaka pambuyo. Makaka anauma. Kompyuta inkangofunda.

Masiku oyambawo masitepe anaima. Ana ankabwera, n'kusuzumira pazenera, n'kubwerera kwawo. Amayi aang'ono anayesa kuwerenga ndi pakamwa, wanu, thuu, fili, koma miyendo yathu sinkamva Chingerezi. Ndiye madzulo ena amayi, amene ankatsuka mbale kuseri, anatuluka ndi ndowa yapulasitiki, anaivundikira pakati pa miyendo, n'kuyamba kuiomba. Ndinali ndisanawamvepo akuimba kwina kupatula m'tchalitchi. Nthawi yonse ija ife tinkati akungotsuka mbale, iwo ankamvetsera. Nyimbo zitatu zonse anali nazo pamtima, mpaka polumikizira pomwe, pamene anakulitsa mawu kutsanzira amalume n'kutchula mayina a akwati. Tinafa nako kuseka. Amalume okha ananamizira kukwiya. "Ine ndimayankhula chonchi?"

Koma ndowa ili ndi maganizo ake. Pang'ono ndi pang'ono nyimbo za m'tauni zija zinayamba kupendekera kwathu. Kugunda kwake kunatsikira m'chiuno ngati kwa tchopa, ndipo pamene mawu sankawadziwa, amayi ankalowetsapo a Chilomwe. Azimayi odulira tiyi pochokera kumunda ankaima pamsewu, mapulasitiki akudontha, kenako n'kutula mipeni n'kulowa m'bwalo. Tsiku lina amayi anapatsira mnzawo ndowa n'kukoka mng'ono wawo padzanja. Anavina awiri, moyang'anana, mavinidwe amene ankati ankavina ali atsikana ku Thekerani. Matope ofiira ankathothoka kuzidendene, nthunzi ikutuluka m'kamwa, amayi aang'ono akuseka mpaka kugwira m'mimba. Atamaliza, amayi anakonzera mng'ono wawoyo mpango umene unali utapendekeka, ndipo anachedwa nawo kuposa mmene mpango umafunira. Munthu atandiuza lero kuti ndisankhe madzulo abwino a ubwana wanga, ndingasankhe amenewo, ngakhale panthawiyo ndinkawaona ngati ongodikirira kuti kompyuta ichire.

Kudikirako kunali ndi malire. Lamlungu lina ankhoswe anabwera ndi uthenga wakuti akuchimuna akufunsa ngati nyimbo zili m'malo, ndipo ngati sizili, tinene msanga kuti auze wa m'tauni uja. "Ikupuma chabe," amalume anayankha akuyang'ana pansi. Ine ndinamva zonse, ndipo ndinaziwerengera mwanga. Wa m'tauni akabwera, abwera ndi nyimbo zake ndi ana ake. Ine ndidzakhala pabenchi ndi diresi langa lachikasu, limene telala anali atandiyesa kale, kuombera m'manja anthu ena.

Mawa lake m'kalasi aphunzitsi anandipeza ndikuvina ndi mapazi pansi pa desiki, masamu osalemba. Anali bambo wachinyamata, wamtali, wongochoka kumene kukoleji, wovala juzi imodzimodzi yobiriwira chiperoni chonse. Atandifunsa chimene chikundivuta ndinayamba kufotokoza mwaulemu, koma pofika pa diresi lachikasu ndinali ndikulira. Anadikira kuti ndimalize. Kenako anafunsa funso limene palibe anali atafunsapo.

"Amalume ako akadina, fani ya kumbuyo imazungulira?"

Ndinati ayi. Fani imeneyo ndinkaidziwa kuposa aliyense m'nyumba.

"Ukawauze kuti ndibwera Loweruka."

Anafika m'mawa, nsapato zili matope okhaokha. Amayi anawalandira ndi tiyi ndi mbatata, ndipo akumwa anapempha amalume kuti afotokoze zonse zimene anachita, kuyambira pachiyambi. Pa nkhani ya chingwe cha ketulo anavomereza ndi mutu. Pa pampu ya njinga anamwetulira. Pa makaka anatsamwa ndi tiyi.

"Mwayesetsa, achimwene," anatero atapukuta pakamwa. "Koma tiyeni tiziyenda ngati madzi m'paipi, chinthu chimodzi, kenako china. Magetsi achoka pasoketi, alipo. Adutsa m'chingwe, chili bwino. Ndiye afika pati?"

Amalume analoza kabokosi kachitsulo ka pakona, pamene chingwe chimalowera. Aphunzitsi anati dzina lake ndi pawa sapulayi, ndipo ndi kamene kamagawira magetsi ziwalo zina zonse. Anazula pulagi, anagwada, n'kununkhiza kumbuyo kwake ngati munthu wogula nsomba zouma. Kenako anawalitsa tochi ya foni m'timabowo n'kundiitana. "Maso ako ndi atsopano. Ukuona chiyani?"

Ndinaona kamchira. Kenako timiyendo totambasuka, touma gwa. Anali nalimata. Nayenso, ngati ine, anali atazindikira kuti malo ofunda m'nyumba yonse ndi kumbuyo kwa kompyuta, koma iye analowa mpaka m'kati n'kukagona pamene sipagonedwa.

Amayi anaseka mpaka kukhala pansi. "Wansanje uja ndi ameneyu?" Amalume anatenganso mpeni kuti atsegule kabokosiko, koma aphunzitsi anawagwira mkono. Anati mmenemo magetsi amabisala ngakhale mutazula pulagi, ndipo kakapsa kapsa, pamafunika kena. Anakachotsa konse, akuwasonyeza amalume pamene waya aliyense amalowa, n'kuwauza kuti apite nako ku Limbe akapeze kofanana nako. Nalimata anatuluka ndi kugwedeza. Ana a masitepe tinamuika m'bokosi la machesi n'kukamukwirira pansi pa bulugamu, ndipo mnyamata wina wa Sitandade 5 analalikira kuti malemuwo anali okonda nyimbo.

Amalume anakwera minibasi m'mamawa, kabokosi kakufa kali m'jumbo, n'kubwerako dzuwa litapendeka ndi kena kogwirapo kale ntchito, kokulungidwa m'nyuzipepala. Anakaikamo okha, lilime lili panja, thukuta pamphuno ngakhale kunkazizira. Ana tonse tinadzaza pabalaza, ena pazenera. Anadina. Fani inazungulira. Kanyali kanayaka. Tinakuwa ngati chalowa chigoli, ndipo ine ndinali nditafika kale pamalo panga pabwalo. Koma m'malo mwa tii mmodzi uja kunamveka kulira kwina, kwakutali, kobwerezabwereza, ngati lole ikamabwerera m'mbuyo kufakitale. Sikirini inali yakuda bii.

Amalume anakhala pansi, manja pamutu. Ndinali ndisanawaonepo atafooka chotero. Ukwati unali utayandikira moti azimayi anali atayamba kale kusinja chimera cha thobwa. Bambo ananena motsitsa mawu kuti mwina ndi bwino kungowauza akuchimuna, palibe manyazi pamenepo. Anayankha ndi amayi aang'ono.

"Achimwene, ikakana ndidzalowa ndi ndowa ya achemwali. Koma wa m'tauniyo ayi."

Aphunzitsi anabweranso titaweruka kusukulu, ndipo atamva kulirako anasangalala, zimene zinatidabwitsa tonse. "Wodwala akayamba kubuula ndiye kuti moyo ulipo," anatero. "Iyi tsopano ikutiuza pamene pakupweteka." Anaizima, anazula pulagi, n'kukankha tomangira tiwiri toyera m'kati muja. Anatulutsa kathabwa kobiriwira konga lula yothyoka, kokhala ndi mano agolide m'munsi. Anati ndi ramu, ndipo popanda iko kompyuta imakhala ngati munthu wodzuka kutulo osakumbukira kumene ali. Manowo anali atazilala ndi chinyezi, komanso mwina pampu ija ndi maulendo a pamkeka anali atakagwedeza. Anatembenukira kwa ine.

"Uli ndi labala?"

Ndinali naye m'thumba la yunifolomu, woyera, wolumidwa mbali imodzi. Aphunzitsi anagwira kathabwako m'mbali, ine n'kumafufuta mano aja pang'onopang'ono ngati ndikufufuta yankho lolakwika. Golide ankawala pamene ndadutsa. Anauzira, anakabwezera, n'kukanikiza mbali zonse ziwiri mpaka tomangira tija tinati khethe.

"Dina ndiwe," amalume anandiuza. "Chala changa chili ndi tsoka."

Batani linali lozizira. Fani inayamba, kanyali kanayaka, kenako tii, kamodzi kokha. Pasikirini panatuluka zilembo zoyera za Chingerezi n'kuima pomwepo, mtima wanga n'kuima nazo. Aphunzitsi anati ikungodandaula kuti yaiwala tsiku chifukwa kabatire kake katha mphamvu, n'kudina batani lina pa zolembera. Ndipo chithunzi chija chinabwera, cha amalume atavala magalasi akuda, atatsamira galimoto ya eni ake. Sindinaganizepo kuti ndingakondwere chonchi poona chithunzi chimenecho. Amayi anaimba nthungululu imene inatulutsa agalu m'malayini monse. Aphunzitsi sanalole kuti nyimbo ilire amalume asanaikopere pa timemole tiwiri, ndipo kamodzi anapatsa amayi kuti amange pansonga ya chitenje.

Ndiye tinafola, nyimbo n'kuyamba, ndipo zinali zamanyazi. Miyendo yathu inali itazolowera ndowa. Kompyuta inkathamanga ife tikutsalira. Potembenuka tinagundana mitu, wa kumbuyo anandiponda chidendene, mzere wonse n'kumwazikana pamatope.

"Mwandionongera ana, achemwali!" amalume anakuwa ali pazenera.

"Ndakukonzera," amayi anayankha.

Zinatitengera madzulo angapo kuti tigwirizanenso ndi makinawo, ndipo ngakhale titagwirizana, m'chiuno mwathu munatsalabe ndowa pang'ono. Pamapeto pake amayi aang'ono anagamula kuti polowa tidzavina ya amalume, koma potuluka adzaimba achemwali awo. Amayi anakana, akuti iwo sangaimbe pamaso pa anthu a m'tauni. Mng'ono wawo anangoti, "Ndiye sindidzatuluka m'holomo."

Tsiku la ukwati kunacha kopanda nkhungu, phiri la Mulanje likuoneka kutali, tiyi wodulira uja atayamba kuphuka timasamba tanthete. Kompyuta inapita kuholo ya esiteti pa wilibala itafunditsidwa bulangete, amalume akukankha ngati anyamula mazira, akukalipira mwala uliwonse. Aphunzitsi anabwera atavala jekete pamwamba pa juzi ija n'kukhala pafupi ndi soketi ngati mlonda. Inayaka ulendo woyamba. Mawu a amalume atagunda m'masipika kutchula mayina a akwati, holo yonse inaimirira, ndipo ine ndinalowa, mapewa owongoka, diresi lachikasu likuzungulira. Sindikumbukira nkhope ya munthu aliyense. Ndimakumbukira simenti yoterera pansi pa nsapato zatsopano zondiluma, fungo la thobwa ndi mafuta onunkhira, ndi mayi wina wakuchimuna akufunsa mnzake kuti kamtsikanako n'ka ndani.

Potuluka amalume anatsitsa masipika. Amayi anaimirira ndowa ili m'khwapa, atavala chitenje cha ukwati. Anayamba motsitsa mawu, kenako azimayi odulira tiyi aja anawalandira, ndipo a m'tauni omwe anayamba kuponda nawo. Amayi aang'ono, amene tsiku lonse anali atazyolika monga amachitira mkwatibwi, anadzutsa mutu n'kuyang'ana achemwali awo njira yonse mpaka pakhomo.

Dzuwa litapendeka, galimoto ya akuchimuna inaima pamsewu. Ndinaona akukweza sutikesi ya amayi aang'ono, mapoto, lichero ndi thumba la makaka. Ndinadabwa kuti katundu yenseyu ndi wa chiyani pa ulendo waufupi chotero, koma ndinali wotanganidwa ndi botolo langa la chakumwa chozizira. Anawerama ndi diresi lawo loyera, anandigwira masaya, n'kunena kuti, "Wavina bwino, mwana wanga. Uziwathandiza amayi ako." Ndinawauza kuti Lolemba adzatiphunzitse masitepe ena, poti kompyuta yachira. Anati, "Eya," n'kutembenuka msanga.

Galimoto inatsika ndi msewu wofiira, ikusowa ndi kuonekanso m'makhota a pakati pa tiyi, mpaka kunangotsala fumbi. Anthu anabwerera m'holo, mmene amalume anali atakwezanso nyimbo. Amayi sindinawaone. Ndinakawapeza kuseri kwa holo atakhala pa chitsa, nsapato atavula, akulira osatulutsa mawu.

Ndinaima n'kuganiza kwambiri. Nyengo yonse ija m'nyumba mwathu munali vuto limodzi lokha, ndipo ine ndinali nditalifufuta ndi labala wanga. Sindinkadziwa kuti ulendo umenewo ndi wa tsiku lathunthu pabasi, kapena kuti tiyi adzadulidwa n'kuphukanso kangapo abale atatuwa asanakhalenso pabwalo limodzi. Sindinkadziwanso kuti amayi ndi amene analera mng'ono wawoyo kuyambira ali wa msinkhu wanga. Choncho ndinawagwira phewa n'kuwalozera kumene kunkachokera nyimbo.

"Amayi, musalire. Simukumva? Yayaka. Sizimanso."

Anandiyang'ana misozi ili chuchuchu, n'kuphulika kuseka. Anandikokera pamiyendo pawo n'kundigwira zolimba mpaka nthiti kuwawa. "Yayakadi, mwanawe," anatero. Ine ndinakhutira kuti ndawatonthoza, ndipo mapazi anga, ali lendelende m'mwamba, anapitiriza masitepe.